Tsiku Limene a Hudson Anataya Madzi Athu

Leeds, 11 Febuluwale 2024

Achemwali anga a Zelifa,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, wa alamu a Blasius ndi wa mwana wanu, mphwanga Hudson. Ine kuno ndikudzuka, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwandilowa m'mafupa. Ntchito ndi yomwe ija yosambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za eni ake, pamene zanga ndinazisiya kumudzi. Ndamva kuti mvula yadula ku Balaka konse ndipo chimanga chayamba kupota masamba. Mundiuze zoona, musandibisire ngati mmene munandibisira kuti alamu anagwa kubafa.

Ndalemba papepala chifukwa ndikudziwa kuti foni mumadana nayo, mumati munthu sanena zakukhosi mayunitsi akumuthamangitsa. Ndajambula kalatayi, muiwerenge pafoni ya Hudson. Yankho lanu nalonso ajambule anditumizire.

Mukukumbukira ndinakuuzani za maloya a ku London amene atenga mlandu wa anthu a kwa Nyenyezi? Ndikunena kampani ya mankhwala a thonje ija ya kuseri kwa Phalula, imene tinaipatsa dzina chifukwa cha nyenyezi yofiira ya pageti. Dzina la alamu lili m'gulu la odandaula. Vuto ndi lakuti Nyenyezi inatsekedwa mu 2009, palibenso womugwira malaya kumeneko. Koma kampani yaikulu imene inaibereka ili konkuno, ndipo nyumba yake ndinaiona ndi maso angawa, magalasi okhaokha mpaka kumwamba. Iwo akuti Nyenyezi anali mwana wamkulu wokhala pabanja pake, wa mabwana akeake a ku Malawi, ndipo zimene ankachita ndi migolo ya mankhwala iwo sankazidziwa. Khoti ligamula chaka chomwe chino ngati mlanduwu ungamvedwe kuno. Likakana, nkhani yathera pomwepo, ndipo alamu adzanjenjemera mpaka tsiku lawo popanda wowapepesa.

Tizisiye izo. Masiku ano ndikumalota kwathu, achemwali. Ndikumalota sayirini ya masana ija, imene ngakhale mbuzi zinkaidziwa. Ndikumalota getsi la pageti limene tinkawerengera pansi pake pokonzekera mayeso, ngumbi zikutigwera m'makope. Makamaka ndikumalota Loweruka pabwalo la mpira, alamu ali pagolo atavala juzi yachikasu, ine ndili kuseri kwa golo kuuza aliyense kuti goloboyiyo ndimagona kwawo. Munanditenga ku Mposa ndili ndi kabudula mmodzi, n'kundilera ngati wanu woyamba. Sindinaiwale.

Ndili ndi pempho limodzi. Mundilembere nkhani ya tsiku limene Hudson anabadwa, yonse, monga mmene munkaisimbira pa Khirisimasi ife tikufa ndi kuseka. Ine nthawi imeneyo ndinali kutchuthi ku Mposa, ndimangoidziwa ya m'kamwa mwanu. Musasiye kalikonse, ngakhale za mgolo zija.

Ndine mlongo wanu,
Dyton

Phalula, 3 Malichi 2024

Dyton,

Kalata yako ndaiwerenga pakagalasi ka foni ya Hudson, maso mpaka kulengeza misozi ndi tizilembo. Tili moyo. Chimanga chapsa, usafunsenso. Alamu ako akudya pang'onopang'ono, kapu ndimawagwirira ine, mawu ndiye akutuluka amodziamodzi ngati ogula. Ndinawawerengera za juzi yachikasu, anaseka mpaka kutsokomola. Juziyo ilipo m'sutikesi, njenjete zinangoilawa pakhosi.

Iwe ukukalamba, Dyton. Munthu akayamba kupempha nkhani zakale ndiye kuti imvi zafika. Koma poti wapempha, tamvera.

Unali mwezi wa Januwale, 1998, msewu wochokera kumalaini a antchito kukafika kutala uli phala lokhalokha. Matenda anandiyamba m'mawa, alamu ako atapita kale kukatsuka migolo kukampani. Apongozi anga anaitana azamba. Azamba anandigwira pamimba, n'kutuluka panja. Mwana anali atapingasa. Ndinamva amayi akunong'onezana pakhonde zoti atume munthu ku Mposa, ndipo ndinadziwa kuti munthu wa moyo samutumira uthenga wotero.

Sabata imeneyo kunabwera mlendo wochokera kulikulu la ku London, kudzaona mmene ntchito ikuyendera. Kampani inapaka laimu miyala yonse ya m'mbali mwa msewu, ngakhale mitengo inavala masokosi oyera. Mlendoyo ndiye a Hudson, munthu wamtali, wofiira khosi, nsapato zodzaza matope. Galimoto yawo ikudutsa kumalaini, apongozi anakaima pakati pa msewu atatambasula manja. Manijala anatulutsa mutu kuti awakalipire, koma a Hudson anali atatsika kale.

Ananditulutsa pamphasa n'kundigoneka pakhonde kuti ayambe achotsa katundu m'galimoto. Kukhosi kwanga kunali gwa. Ndinapempha madzi. Apongozi anatunga m'mgolo wathu wabuluu uja, umene alamu ako analandira pa Khirisimasi chifukwa chosajomba chaka chonse. Ukukumbukira mmene tinkanyadira nawo? Masiku amenewo pakhomo popanda mgolo wa kampani pankaoneka ngati pa mbeta. Kapu itangofika pamlomo panga, mzungu uja anaiphumitsa. Anawerama n'kuyang'anitsitsa chithunzi cha chigaza chija cha pamgolopo, chimene iwe unkachitcha agogo. Kenako anauyedzamira mgolowo ndi phewa, kukankha, kukankha, mpaka unagwa. Madzi onse amene apongozi anasenza ndi mutu wawo anathera pabwalo.

Anatembenukira manijala n'kuyamba kulalata m'Chingerezi. Changa cha Sitandade 6 chinangotolapo funso loti nyumba zingati. Manijala anayendetsa dzanja kuloza malaini onse. A Hudson anaima n'kuyang'ana, khonde ili mgolo wabuluu, khonde ilo mgolo wabuluu, mpaka kumapeto kwenikweni. Kenako anabwera n'kugwira mphasa yanga mbali ya kumutu.

M'galimoto anasiya mpando wawo wakutsogolo n'kukhala kumbuyo, mutu wanga uli pamiyendo pawo, akundipukuta thukuta ndi mpango wawo. Galimoto itatitimira pa kamlatho kaja, anatsika okha kukakankha, matope mpaka m'mawondo. Kuchipatala ku Balaka adokotala anati tikanachedwa pang'ono, akanatulutsa maliro awiri. M'mawa mwake munthu uja anabweranso ndi kabulangete koyera ka mwana. Alamu ako anati, “Mwana uyu tisavutike naye, dzina wabwera nalo yekha.”

Koma apongozi sanawakhululukire za madzi zija mpaka kumanda. Ankati, “Mzungu wa mtima wabwino, koma mwano. Ukafika pakhomo pa eni sugwetsa mgolo.” Tsiku lomwelo madzulo anaudzutsa okha, anautsuka ndi phulusa n'kudzazamonso madzi.

Zinali zaka zabwino, Dyton. Mwezi ukatha m'malaini monse munkanunkhira nyama, wailesi iliyonse ikuimba nyimbo yakeyake. Lero kumalaini kuja kwamera mitsatsi, geti anthu anazula n'kupangira ngolo. Ndikamva njinga yamoto ya mwana wanga ikubwera madzulo, ndimathokoza Mulungu, kenako munthu uja. Kaya akadali moyo? Poti uli kwawo, ukakumana nawo uwauze kuti mnzawo wa dzina ndi wakabaza tsopano, ndipo msinkhu anatengera iwo.

Uzivala zofunda.

Ine mlongo wako,
Zelifa

Leeds, 10 Malichi 2024

Achemwali,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu. Kalata yanu ndaiwerenga mobwereza, ndaseka, ndaliranso. Tsopano mundimvere mpaka kumapeto musanakwiye.

Kalata ija ndakaonetsa kwa loya wamkulu wa mlandu wathu, mayi wina wofatsa amene wakhala akuyenda ndi nkhaniyi zaka zingapo. Ndinamutanthauzira mzere ndi mzere. Nditafika pamene a Hudson anafunsa kuti nyumba zingati, anaika kapu yake ya tiyi pansi n'kundiuza kuti ndibwerezenso.

Nkhani ili chonchi. Khoti la kuno silikufunsa ngati anthu anadwala. Zimenezo madokotala ananena kale. Likufunsa ngati kampani yaikulu inkadziwa zochitika kwa mwana wake, ndiponso ngati inali ndi mphamvu yoletsa. Iwo analumbira kuti palibe munthu wa kulikulu amene anaonapo migolo ya mankhwala m'makomo mwa anthu. Koma inu munamuona munthuyo, achemwali. Munamuona akuwerenga chigaza chija, akugwetsa mgolo, akuyang'ana malaini onse. Ndipo tsiku lake silingatsutsidwe, chifukwa pali munthu wamoyo amene anabadwa tsiku lomwelo n'kutenga dzina lake.

Apongozi anu anapita, azamba anapita, manijala uja anamwalira kalekale. Alamu anali kuntchito. Mwatsala ndinu nokha. Loyayu akhoza kubwera kumeneko kuti mukanene zomwezi pamaso pake mutalumbira. Umboni wonse uyenera kukhala utalowa m'khoti mwezi wa Novembala usanathe.

Mwafunsa ngati a Hudson ali moyo. Ali moyo, anapuma ntchito, amakhala m'tauni ina ya m'mphepete mwa nyanja. Maloya athu anawalembera kale. Anayankha kudzera kwa maloya a kampani kuti zaka zapita zambiri, za migolo sakumbukira.

Ndikanakuuzani poyamba chimene ndimafunira nkhaniyo, ndikudziwa. Ndinaopa kuti mudzaidula. Chonde ganizirani manja a alamu.

Mlongo wanu,
Dyton

Phalula, 24 Malichi 2024

Dyton,

Moni ndikukupatsa chifukwa ndi mwambo.

Unabwera ngati mwana wopempha mbatata yootcha, ine n'kukupatsa ndi mtima wonse, osadziwa kuti ukufuna kukagendera munthu. Sukulu imene ndinakulipirira pogulitsa tomato pamsewu inakuphunzitsa zimenezi?

Ukuti ndiganizire manja a alamu ako. Amawasambitsa ndani manjawo? Ukundiuza ine za manja uli ku Leeds?

Ndikaime pamaso pa anthu, ndigwire Baibulo, ndiloze chala munthu amene analowa m'matope chifukwa cha ine? Mabwana akuda anzathu anali m'galimoto momwemo, palibe anatsika. Popanda iye uja bwenzi iwe ulibe mlongo womulembera makalata, ulibenso mphwako wojambula makalatawo. Ndikatero mwana wanga ndizimuitana bwanji m'mawa?

Akuti sakumbukira. Nanga n'chachilendo? Iwe amene umasambitsa nkhalamba tsiku ndi tsiku sudziwa kuti zimaiwala? Asiyeni akalambe mu mtendere.

Kampani ija inatidyetsa. Inakuunikira getsi. Mwina inatidwalitsanso, sindikukana, alangizi a zaumoyo anatiuza ndipo mgolo wanga ndinasiya kumwera kalekale, ndimasungiramo madeya. Koma mlandu wanu mupeze njira ina, osadzera pa tsiku limene ndinachira. Tsiku limenelo ndi langa.

Usandilemberenso za maloya.

Zelifa

Mposa, 16 Juni 2024

Mphwanga Dyton,

Ndine amalume ako a Bizwick. Ndili bwino, kupatula bondo. Mpunga chaka chino wavuta, dambo linauma msanga, mbalame ndiye zinamaliza kotsalako.

Ndamva kuti makalata ako kwa mlongo wako akungobwerera mphepo, ndiye wathamangira kwa ine ngati ndine positi ofesi. Chabwino. Ndinakwera minibasi mpaka pa Liwonde, ina mpaka pa Phalula, ndi kathumba ka mpunga pamiyendo. Ndinagonako masiku awiri.

Za mlandu wakozo ndazimva ndipo sindikuona chovuta. Ukukumbukira chaka chimene unayatsa tchire posaka mbewa, moto n'kukanyeketsa maukonde a Che Abdulrazak amene anayanika kuseri kwa nyumba? Ine ndinali ku Limbe, ndikulondera sitolo ya mmwenye. Machesi sindinagwire ine, ngakhale mbewa yake sindinalawe. Koma uthenga unandipeza konko, ndinakwera sitima, ndinakakhala pansi pabwalo n'kupereka mbuzi. Sindinanene kuti mwanayu ali ndi mutu wakewake. Ukakhala mwinimbumba umadya nawo ana akakolola, umayankhanso ana akayatsa moto. Ndiye azungu akowo akufuna khoti ndi mawigi kuti atulukire zimene ife tinabadwa tikuzidziwa? Phindu la thonje linkadziwa njira ya ku London. Mlandu nawo uidziwe.

Mpaka apa ndili mbali yako. Koma pa mlongo wako unalakwa, mphwanga. Umboni sautchera msampha ngati mbewa zako zija. Munthu uja kwa iwe ndi dzina la m'mapepala a khoti, kwa Zelifa ndi munthu amene anamunyamula mutu. Ukanabwera poyera, n'kukhala pansi, n'kupempha.

Ndinayesa kumulankhula. Anandiphikira, anandiyalira, anandifunsa za aliyense wa ku Mposa mpaka agalu, koma nditangotchula London ananyamuka kukaona nkhuku. Amayi anu analinso choncho.

Mlamu wako ndinamupeza pakhonde, miyendo itatupa ngati mitondo. Kuchipatala akuti ndi impso. Ine ndinamuonapo munthu ameneyu akuuluka pagolo, lero ntchentche ikumutera pamphuno iye n'kumangoiyang'ana. Ndinamufunsa kuti, “A Blasius, inu mukuti bwanji pa nkhani imeneyi?” Anayesa kulankhula, mawu anakana. Anangokweza dzanja n'kuloza kuseri kwa khitchini kumene kuli mgolo uja, kenako analoza mkazi wake, n'kupukusa mutu. Kaya amatanthauza kuti anene, kaya kuti timusiye, sindikudziwa. Zelifa akuti amafuna madzi osamba.

Akuluakulu anati mlandu suola. N'zoona, koma mboni ndi odandaula ndi anthu. Ngati ukufuna kudzamuona mlamu wako akupuma, usadikire tchuthi cha Disembala.

Ukamabwera undigulire mankhwala opaka pabondo, aja otentha.

Amalume ako,
Bizwick

Leeds, 30 Juni 2024

Achemwali,

Sindikudziwa ngati muwerenga, koma ndilemba. Moni kwa inu ndi alamu.

Amalume andikalipira ndipo ndamva. Ndinalakwa. Loya uja ndamuuza kuti kalata yanu aichotse pa zinthu za mlandu, ndipo wavomera, wati mawu a munthu sangalowe m'khoti mwini wake asakufuna. Tsiku lija ndi lanu, monga munanenera. Sindidzalitchulanso.

Ndapempha tchuthi, andipatsa cha mu Sepitembala. Muwauze alamu kuti ndikubwera, ndipo ndikufuna adzandifotokozerenso za penate imene anagwira tsiku limene tinasewera ndi anyamata a ku Utale, mvula ikugwa, ine n'kutaya silipasi imodzi pothamangira m'bwalo. Munandikwapula chifukwa cha silipasi imeneyo, kenako munandigulira zina. Ndikusowani.

Dyton

Phalula, 18 Ogasiti 2024

Amalume,

Pafoni paja sindinathe kulankhula bwino, ndiye ndati ndilembe ngati mmene mumachitira akuluakulu.

Bambo tinawaika Lachinayi. Anapita mwakachetechete m'mawa, amayi akuwamwetsa phala. Kalata yanu ya penate ija amayi anawawerengera kangapo, ngakhale sanakuyankheni. Anthu anabwera ambiri, anzawo a kwa Nyenyezi amene atsala anabwera onse, ena ochita kuwanyamula panjinga.

Pamaliro panachitika zinthu. Anthu ena akunena kuti amayi mutu unasokonekera ndi chisoni, ndipo inenso akundinena. Musamvere za anthu. Amayi ati adzakulemberani okha akakhazikika, ine ndisatsogole. Agogo a Bizwick akuti mwambo ukatha adzawatenga kupita nawo ku Mposa akapume.

Pali china. Makalata anu onse ndi a amayi ndimawerenga pojambula, mundikhululukire, maso alibe chitseko. Chibadwire ndimadziwa kuti dzina langa ndi la munthu wabwino amene anatipulumutsa. Pasiteji anzanga amanditcha Mzungu, ine n'kumanyada. Miyezi imeneyi munthu akandiitana ndimayamba ndatembenuka mochedwa. Sindikudziwa kuti ndimuthokoze munthuyo kapena ndimufunse mafunso. Mwina zonse.

Mubwere ndithu mu Sepitembala, mudzaone pamene tawagoneka.

Mphwanu,
Hudson

Mposa, 13 Okutobala 2024

Dyton, mlongo wanga,

Unafika bwino? Unabwera, unalira pamanda, unakhala nafe masabata awiri, ndipo pakamwa pako sipanatuluke mawu oti loya ngakhale kamodzi. Ndinaona. Inenso ndinali ndisanakonzeke, n'chifukwa chake ndinkangokudyetsa. Juzi yachikasu ndinakupatsa ija unaiiwala pa chingwe, ndakusungira.

Kuno ku Mposa ndikugona m'nyumba ya malemu amayi. Mtengo wa bwemba uja ulipobe, umene unagwamo n'kuthyoka dzino. M'mawa ndimamva asodzi akudutsa panjinga kupita kunyanja, akulankhula Chiyao chomwe chija cha ubwana wathu, ndipo ndimadzidzimuka kuti ndachedwa kuwotcha madzi a alamu ako. Kenako ndimakumbukira.

Zimene zinachitika pamaliro unazimva kwa anthu. Tsopano uzimve kwa ine.

Ukudziwa kuti pamaliro madzi sakwana, ndiye khomo lililonse limabwereketsa chosungiramo. Ine ndinali m'nyumba ya siwa, za panja sindinkazidziwa. M'mawa wa tsiku loika, anzanga a kumalaini a Bernadetta anandigwira dzanja kuti ndikasambe kumaso. Nditatuluka ndinaona pansi pa mtengo wa nimu atandandalika migolo yabuluu. Mzere wonse, Dyton, ngati kumalaini kuja. Amayi anali atadzaza kuyambira mbandakucha, ndipo mu Ogasiti ukudziwa mmene mjigo wa ku Phalula umavutira.

Ndinaima. Mgolo uliwonse ndinkaudziwa kwawo. Wopindika pakamwa ndi wa kwa a Salimu, amene anatupa ngati alamu ako, tinaika zaka zitatu zapitazo. Womanga ndi waya ndi wa kwa a Maziko, amene anabwera pamaliropo atawanyamula panjinga, mutu ukugwedezeka. Wina ndi wa a Bernadetta omwewo, amene anaika ana awiri obadwa osalira n'komwe. Wanganso unali pomwepo, wina anakhuthula madeya n'kuutsuka. Zigaza zija zinafufutika kalekale. Anthu amati mankhwala anatha, zaka zonsezi.

A Bernadetta anatenga kapu, anatunga, n'kundipatsa. Anati, “Imwani, anzanga, kukhosi kwauma ndi kulira.”

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinaiphumitsa kapu ija. Ndinapita pamgolo wanga n'kuuyedzamira ndi phewa. Sunasunthe. Ndinakankhanso, chitenje mpaka kumasuka, sunasunthe. Amayi anayamba kukuwa kuti agwireni, agwireni. Ndinangoona mwana wanga akuchoka pakati pa azibambo. Ndinkayesa akubwera kudzandichotsa. Anafika, anandiyang'ana, anaika phewa lake pafupi ndi langa. Tinagwetsa woyamba. Tinagwetsa wachiwiri. Tinamaliza mzere wonse, pabwalo pali matope ngati Januwale. Akuluampingo anangoti kukamwa yasa. Tsiku lonselo Hudson anatunga madzi a pamaliro a bambo ake ndi zigubu panjinga yamoto, ndipo maliro anachedwa kunyamuka. Amayi ena mpaka lero sandilankhula. Sindikuwada, madzi aja anasenza ndi mitu yawo.

Phewa linandipweteka mwezi wathunthu, ndipo ndi phewa limenelo limene landiphunzitsa. Zaka zonsezi nkhani ija tinkaiseka, timati mzungu wamwano. Dyton, mgolo wa madzi sugwa ndi mwano. Ndi wolemera. Kuti munthu augwetse yekha, atavala malaya oyera, pakhomo pa eni, ndiye kuti wachita mantha. Munthu uja anachita mantha tsiku lija. Ankadziwa chimene chinali m'kapu mwanga. Anayang'ana malaini onse, anaona zimene ndinaona ine pansi pa nimu. Anagwetsa umodzi, wathu, n'kukwera ndege. Khirisimasi yotsatira lole inabweranso ndi migolo, ife tinavala zitenje zatsopano n'kuomba m'manja. Inabweranso chaka china, ndi china, mpaka kampani kutsekedwa.

Kaya anakanena kwa akuluakulu ake iwo n'kumutsekera pakamwa, kaya anafika kwawo n'kusamba n'kuiwala, ine sindikudziwa. Zimenezo akafunsane okhaokha kumeneko, ndiye ntchito ya khoti. Amalume akuti mwana akayatsa tchire mwinimbumba amakhala pansi pabwalo. Akhale pansi basi. Alamu ako sadzamva kupepesa kwawo, koma a Maziko akadali moyo, a Bernadetta akadali moyo.

Umuuze loya wako, mayi wa tiyi uja, abwere Novembala asanathe. Abwere kuno ku Mposa, akatsike pa sitolo ya Che Umar afunse kwa a Bizwick. Mgolo Hudson adzaubweretsa panjinga, auone, akafuna autenge. Baibulo ndili nalo langa.

Koma umuuziretu chinthu chimodzi. Nkhani yanga sindidzaidula. Ndidzanena za kapu, za chigaza, za funso lija loti nyumba zingati. Ndidzanenanso za mpango, za matope a pa kamlatho, ndi za kabulangete koyera. Zonse alembe, ndipo akaziwerenge pamaso pa oweruza mwini wake akumva. Akafuna theka, akafune mboni ina.

Akuti a Hudson anaiwala. Palibe kanthu, ndiwakumbutsa. Ine dzina lawo ndimaliitana m'mawa uliwonse.

Ine mlongo wako,
Zelifa